Amene Amapukuta Mwalawo

9 Febuluwale

Amayi,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ine kuno ndili bwino, kungoti ndinadzicheka chala Lachiwiri, koma chauma kale. Nanga bondo lanu likuti bwanji? Ndikulemba kalata poti pa foni mumangoti "eya, eya" pamene simunamve kanthu. Iwe mlongo wanga amene ukuwawerengera, usadumphe mizere. Ndimakudziwa, ukafika pa za miyala umathamanga.

Mwati anthu kumeneko akunena kuti ndimasema miyala ya pamanda. Auzeni kuti mwala wake ndi womwewo, koma makasitomala anga ndi amoyo. Dzina lake ndi mabo, m'mabuku akale amalemba kuti nsangalabwi. Timauyala pamwamba pa makabati a kukhitchini kuti anthu azikonzerapo zakudya. Umafika kuno uli waukulu ngati chitseko cha galaja. Makina amaudula n'kuboola malo a sinki, ndipo ukamabwera pa benchi yanga m'mphepete mwake mumakhala mwakuthwa moti munthu angathe kumetera ndevu.

Ntchito yanga ndi m'mphepetemo. Makasitomala ena amafuna mongochotsa kuthwako pang'ono, ena mobulungira ngati mpini wa khasu, ena mokhotakhota ngati mwendo wa mpando wa anthu olemera. Ndimayamba ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 50, kenako 100, 200, 400, mpaka 3000, madzi akutsikira pamwalapo nthawi yonse kuti fumbi lisalowe m'chifuwa. Ukadumpha nambala imodzi, mwala sunena kanthu tsiku limenelo. Umadzakuneneza dzuwa likalowa pawindo la kasitomala.

Tsopano nkhani yeniyeni. Ndatha chaka ndi miyezi iwiri pano ndili waganyu. Bwana akuti pali malo amodzi okhazikika, okhala ndi pepala losainirana komanso tchuthi cha mwezi wathunthu mu Disembala. Tikuwafuna anthu awiri, ine ndi mnzanga amene timamutcha Fulumira. Aliyense wapatsidwa khitchini yake. Amene khitchini yake ithe miyezi itatu popanda dandaulo lochokera pa dzanja lake, malowo ndi ake. Tikadutsa tonse atenga ine, poti ndinayamba kufika. Musayambe kuuza anthu kuti ndikubwera. Ndangonena mmene zinthu zilili.

Lata la pakhonde lija musakwerepo nokha. Itanani mmisiri, ndipo misomali agule yokhala ndi mphira, osati wamba. Mankhwala a bondo muzimwa mutadya.

Ine mwana wanu.

2 Malichi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino monga ndilili ine. Kalata yanu adalaivala a basi anandipatsa dzulo. Za mbuzi ya amalume ndamva. Imeneyo ndi nkhani ya amalume ndi anansi awo, inu musalowemo.

Khitchini ija tinakaika Lachinayi. Ndi mwala woyera wa mizere yotuwa, mamita anayi ndi theka, zidutswa ziwiri. Tinaunyamula anthu anayi choimika, chifukwa mabo ukaunyamula chogona umathyoka ndi kulemera kwake komwe. Kapitawo wathu, amene timamutcha Mamilimita, anakwera masitepe onse chafutambuyo akukuwa kuti, "Khoma lili ndi mwini wake, amuna inu! Mwala uli ndi mwini wake! Inu nokha ndi amene mulibe mwini!"

Polumikiza zidutswa ziwirizo ndinasakaniza guluu ndi fumbi la mwala womwewo kuti mtundu ufanane. Mamilimita anatsinzina n'kuyendetsa chikhadabo kufunafuna msoko. Atausowa anati, "Aphunzitsi, lero mabuku aja abala." Amanditcha Aphunzitsi chifukwa ndimawerenga pa nthawi ya chakudya, ngakhale zolemba za pa zitini za mankhwala.

Lamulo la pantchito pathu ndi lakuti womaliza mwala ndiye amafotokozera mwini nyumba kasamalidwe kake, mwiniyo n'kusaina pepala. Ndinawawerengera adona a nyumbayo zonse. Mabo ndi m'bale wake wa choko ndi chigoba cha dzira, ndiye chilichonse chowawasa chimaudya. Ndimu, viniga, tomato, mankhwala otsukira m'bafa, zonsezi zisaukhudze, ndipo zikadonthera zipukutidwe nthawi yomweyo. Kutsuka kwake ndi madzi ofunda, kadontho ka sopo wa mbale ndi nsalu yofewa, basi. Tinaupaka mankhwala otseka timabowo ta mwala, amene timati sila. Koma sila amangochedwetsa mafuta ndi khofi kulowa. Zowawasa sizimuona n'komwe.

Adona anali ndi foni kukhutu, akugwedeza mutu, kaya kwa ine kaya kwa wa pafoniyo. Anasaina. Mayi wina wantchito wa m'nyumbamo anali ataima pakhomo ndi nsalu m'manja, ndipo ndinawapempha kuti ayambe apita kwina poti pansi panali madzi ndi zingwe za magetsi.

Chidutswa chimene chinatuluka pa bowo la sinki anati chikatayidwe. Ndinachipempha, chili pansi pa bedi langa. Sindinadziwebe ntchito yake.

Shuga wakweranso mtengo kuno, ndipo m'chipinda tikugona atatu tsopano m'malo mwa awiri. Zina ndi zazing'ono, zosayenera kuthera pepala. M'katoni ndaikamo bulangete lanu ndi nsapato za mlongo wanga. Zikakula aikemo nyuzipepala, kubweza sikutheka.

Ine mwana wanu.

30 Malichi

Amayi,

Moni nonse. M'thupi ndili bwino. Kalata ino ikhala yaifupi.

Adona aja anaimbira bwana foni Lachitatu. Akuti mwala wachita mbuu, kuwala konse kwatha, ndipo akuti ife tinangoupaka polishi wa pansi kuti unyezimire tsiku loika, monga amachitira ogulitsa galimoto zakale. Ndiye kuti akuneneza dzanja langa. Fulumira akungoimba mluzu kuyambira tsiku limenelo. Sindikumuda, nanenso ndikanaimba.

Mwalawo sindinauone, choncho sindinena kanthu. Tikupita Lachisanu ndi bwana ndi Mamilimita. Chimene ndikudziwa n'chakuti sindinadumphe nambala ngakhale imodzi. Musagone ndi njala chifukwa cha nkhawa. Njala yanu sisintha zimene zili pamwalapo.

Iwe mlongo wanga, kwera pampando uone misomali imene mmisiri waika. Ngati ilibe mphira, lata lidzadontha pa bowo lililonse, ndipo abwere adzazule asanaiwale njira ya kwathu.

Ine mwana wanu.

6 Epulo

Amayi,

Moni. Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena ndi mtima wonse. Bondo lija ndamva kuti layamba kulola kupita kumsika. Musalizunze.

Tinapita. Mwala unalidi mbuu, koma osati paliponse. Ndinawerama kuti maso anga afanane ndi mwalawo, moyang'ana kuwindo. Kutuwako kunali kwa mizere yokhota ngati uta, mmene mkono wamanja umayendera munthu akamapukuta. Ndinasuntha bokosi la buledi, pansi pake mwala unali waliwali ngati tsiku loyamba. Pansi pa ketulo chimodzimodzi. Ndinadonthetsa madzi, anakhala timibulu mphindi khumi osalowa, kusonyeza kuti sila akadalipo. Banga la mafuta limadetsa mwala. Zowawasa zimauyeretsa n'kuukhakhalitsa pang'ono, moti chala chimamva. Ichi chinali cha zowawasa.

Ndinafunsa kuti amapukutira chiyani. Mayi wantchito aja anatsegula kabati ya pansi pa sinki n'kutulutsa botolo lopopera, mosabisa, ndi nkhope ya munthu wonyadira ntchito yake.

"Viniga ndi madzi, achimwene, theka theka," anatero. "M'mawa ndi madzulo. Nyumba zonse zimene ndagwiramo ndimatero. Ntchentche sitera."

Ndinali nditatenga chidutswa cha pa sinki chija. Ndinachiika pansi, n'kupoperapo kamodzi, n'kupempha onse kuti tidikire mphindi zisanu pa wotchi ya bwana. Nditapukuta panatsala kabwalo kotuwa, kofanana ndendende ndi za pamwamba paja. Bwana anatulutsa pepala losainidwa n'kuloza mzere wa viniga. Adona sanayang'ane pepalalo. Anayang'ana mayi aja. Kenako anati mayiwo amalize mwezi uno, azipita.

M'lole pobwerera Mamilimita anati, "Aphunzitsi, munaphonya ntchito. Inu mukanakhala wapolisi, bwenzi tonsefe tili m'kati." Bwana anena kuti dandauloli siliwerengedwa kwa ine. Fulumira wasiya mluzu. Kwatsala masabata asanu ndi awiri, ndiye mukhoza kuyamba kuganiza za Disembala, koma chamumtima.

Za mayi aja ndi zomvetsa chisoni, koma viniga ndi viniga. Sindinanamizire munthu.

Ine mwana wanu.

22 Epulo

Amayi,

Moni ndikupatsani ngakhale inu simunandipatse. Ndili bwino.

Kalata yanu ndalandira, mizere iwiri yokha, ndipo mlongo wanga walemba pansi kuti munakana kuwonjezera kanthu. Mwafunsa kuti, "Pamene unkawerenga pepala lakolo, mayi wopukutayo anali kuti?" Yankho mukulidziwa, poti ndinakulemberani ndekha.

Poyamba ndinakwiya. Lamulo limati tifotokozere mwini nyumba, ndipo ndinafotokozera mwini nyumba. Palibe mzere umene umanena za wantchito. Ndinalemba kalata ya masamba awiri yokufotokozerani zimenezi. Nditaiwerenganso ndinaona kuti mwanena mizere iwiri, ine ndayankha masamba awiri, koma funso lanu likadali chiimire. Ndaing'amba.

Nkhani ya poto ija sindinaiiwale, ngakhale sitiikamba. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba imene munkagwira ntchito. Adona anu anagula poto wakuda m'kati, wa mtundu wosamatirira chakudya, osakuuzani kuti kudako n'kwadala. Inu munamukwecha ndi sitiwulu mpaka mbee, n'kukawaonetsa mukumwetulira. Dzuwa lisanalowe katundu wathu anali pa wilibala. Zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba imeneyo. Ine ndinanyamula ndowa, mlongo wanga anali kumsana kwanu.

Ndaziyala zinthu mumzere, monga ndimachitira ndi manambala a sandipepa. Mwala unadyedwa ndi viniga, n'zoona. Anapopera ndi mayi aja, n'zoona. Anauzidwa? Ayi. Anali pafupi moti akanamva? Anali, mamita awiri kuchokera pamene ndinaima. Adona amapukuta mwala? Aliyense woyang'ana zikhadabo zawo akanadziwa kuti ayi, ndipo ine ndinaziyang'ana pamene ankasaina. Nanga anamuchotsa ndani munthu yekhayo amene ankafunika kumva? Apa ndi pamene ndinadumpha nambala.

Sindikulonjeza kanthu. Ndikanena zimenezi kwa bwana, dandaulo likhala la pa dzanja langa, ndipo mukudziwa chimene chikutsatira. Mwezi watsala ndi masiku asanu ndi atatu.

Mwati mvula yomaliza sinadonthe pakhonde. Mmisiriyo muzimusunga.

Ine mwana wanu.

11 Meyi

Amayi,

Moni kwa inu, kwa mlongo wanga ndi kwa amalume ndi mbuzi yawo. Ndili bwino, kungoti msana ukudandaula, chifukwa chake muchimva.

Ndinalowa mu ofesi ya bwana Lachinayi lotsatira nditatumiza kalata yanga ija. Ndinafotokoza mwachidule.

"Pepala linasainidwa," anatero bwana. "Ukufunanso chiyani?"

"Linasainidwa ndi munthu amene sapukuta, bwana. Wopukutayo ndinamutulutsa ndine."

"Anakufunsa ndani zimenezi?"

"Mayi anga."

Bwana anati, "Ukudziwa kuti ukudzichotsa wekha chakudya pakamwa?"

Ndinati ndikudziwa. Ndinapempha kuti andibwereke makina Lamulungu kawiri, ndikakonze mwalawo ndi manja anga, kampani isatayepo tsiku. Anati makina nditenge, koma ndikawabweze ouma.

Kwa adona sindinapemphe chifundo, poti sindikudziwa ngati ali nacho, ndipo si ntchito yanga kuyeza zimenezo. Ndinawauza zinthu zitatu. Choyamba, kuti pepala lija sanalimve wopukuta chifukwa cha ine. Chachiwiri, kuti mwala ukhoza kukonzeka, koma ndikuwalangiza kuti usakhalenso wonyezimira ngati galasi. Ukalekezera pa nambala 400 mabo amakhala osalala see koma osawala, ndipo zipsera za zowawasa sizioneka msanga. Chachitatu, kuti akalemba wantchito wina, adzabwera ndi botolo lake la viniga, poti anthu onse aukhondo amatero. Munthu yekhayo amene sadzapoperanso viniga pa mwala moyo wake wonse ndi amene ali naye kaleyu. Adona anati aganiza. Mwezi unatha, mayi aja sanachoke.

Ntchitoyo inali yauve. Tinakuta makabati onse ndi mapulasitiki, ine ndikupera, mayi aja akuthira madzi ndi kukolopa phala loyera limene limatuluka. Lamulungu loyamba sanandilankhule mpaka masana. Kenako anati:

"Tsiku lija munandithamangitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba."

"Ndinalakwa, mayi."

"Ndiye tsiku linalo mwabwera ndi kamwala kanu kudzandichitira zamatsenga pamaso pa adona. Mphindi zisanu! Ine ndinaziwerenga ngati zaka."

Ndinangopitiriza kupera.

Titamaliza Lamulungu lachiwiri anakoka mpando n'kukhala. "Tiwerengereni pepala lanulo, achimwene. Pang'onopang'ono. Ine si adona, kukhutu kulibe foni."

Ndinawerenga kawiri. Mafunso awo anaposa pepalalo. Anafunsa ngati sopo wa mbale wonunkhira ndimu ali ndi ndimu yeniyeni, moti tinachita kuwerenga botolo limodzi. Anafunsa za poto wotentha, ndinati aziika pa thabwa. Kenako anati, "Nanga mwana wa adona akasiya kapu ya juwisi Loweruka ine kulibe, n'kudzaipeza Lolemba itasiya banga longa mphete pamwala, mlandu ndi wa yani?" Pepala lathu linalibe yankho. Anandilembetsa pansi pake ndi cholembera kuti mphete ya kapu ndi ya mwini kapu, ndipo aliyense womwa aziika kambale pansi. Anapita nalo okha kwa adona kuti asainenso. Ulendo uno adona anawerenga. Talimata kuseri kwa chitseko cha kabati, pamene panali botolo lija.

Adona anayendetsa dzanja pamwalapo n'kuti, "Sukuwala ngati kale." Ndinati sudzawalanso, pokhapokha akafuna tiyambirenso. Sanafune.

Za malo aja bwana sananenepo kanthu. Tidikire mwezi uthe.

Ine mwana wanu.

15 Juni

Amayi,

Moni nonse. Ndili bwino, msana unasiya. Kuno kwayamba kuzizira ndipo madzi a pa benchi amaluma zala m'mawa, koma ndagula magolovesi. Bondo lanu silikonda nyengo ino, muzilifunditsa.

Malo aja atenga Fulumira. Bwana anati dandaulo ndi dandaulo, ndipo ndinalisainira ndekha ndi pakamwa panga. Sindingatsutse, lamulo linali lomveka kuyambira pachiyambi. Fulumira anatigulira zakumwa tonse, ndipo anandipatsa botolo loyamba. Khitchini yake ndinaiona, ntchito yake ndi yabwino, ngakhale kuseri kwa mpope anadumpha nambala 800. Ine ndikhalabe waganyu. Akuti mwina chaka chamawa, koma mawu akuti mwina sindiwaika m'thumba.

Ndiye kuti Disembala sindibwera. Waganyu akachoka mwezi amapeza wina ataima pa benchi yake. Ndikudziwa kuti munauza kale anthu, ngakhale ndinakuletsani. Iwe mlongo wanga, usalire pa pepala, zilembo zifufutika.

Mayi aja akadali pantchito. Ndinakumana nawo pa siteji ya basi sabata yatha. Akuti mphete yoyamba yaoneka kale, ya kapu ya abwana a nyumbayo, ndipo iwo anangotsegula chitseko cha kabati n'kuloza pepala. Anati ndikupatseni moni. Ndinawauza kuti funso lija linachokera kwa inu, ndiye anati, "Ndinadziwa. Amuna a mabuku safunsa zotero okha."

Mamilimita tsopano akalowa m'nyumba ya kasitomala amayamba wakuwa kuti, "Wopukuta ndani muno? Abwere kuno, aime kutsogolo!" Amanena ngati nzeruyo ndi yake. Ndamusiya.

Adalaivala a basi akupatsani katoni yolemera. Musainyamule nokha, ndipo anthu awiri ainyamule choimika. Muli chidutswa cha pa sinki chija. M'mphepete ndabulungiza mbali zonse zinayi kuti musadzichekere, kuyambira 50 mpaka 3000, osadumpha. Mmisiri wa lata uja akupangireni miyendo ya matabwa, yofika m'chiuno mwanu kuti musamawerame. Pakona pali kabwalo kotuwa ka viniga uja. Ndikanatha kukafufuta m'mphindi khumi, koma ndakasiya.

Kasamalidwe kake kali m'kalata ya pa 2 Malichi, mlongo wanga akuwerengereni nonse amene muzidzapukuta muli pomwepo. Koma mwalawu ndi wanu. Mukafuna kudulirapo ndimu, dulani. Mukafuna kuukwecha ndi sitiwulu mpaka mbee, kwechani. Palibe amene adzakukwezereni katundu pa wilibala.

Ine mwana wanu.